Za Kukhala Chete kwa a Wailesi pa Kanema wa Chinthu Chija

Msonkhano wa Komiti ya Gulu Loonera Kanema
Tsiku: Loweruka, pa 14 Juni
Malo: Chipinda chosungiramo mipando, kuseri kwa holo
Nthawi: Dzuwa lili paliwombo (kale tinkakumana madzulo, asintha ndi Wapampando)
Analipo: Wapampando, Mlembi, a Telala, Mayi Namwino, a Makanika oyendetsa makina a kanema, ndi a Wailesi omasulira kanema pa maikolofoni
Sanabwere: Wachiwiri kwa Wapampando. Anatumiza mawu akuti ali bwino, kungoti masiku ano sakonda kuyenda pansi pa thambo.

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula msonkhano, napempha kuti katani itsekedwe chifukwa cha fumbi. Kunja kunalibe mphepo.

2. Dandaulo
Wapampando anakumbutsa komiti kuti Loweruka latha gulu linaonetsa kanema wa akatswiri a nyenyezi amene anadzutsa chinthu chogona kuseri kwa thambo. Anati chinthucho chitayandikira, a Wailesi, omwe amamasulira ngakhale kutsokomola kwa anthu a m'kanema, anangoti zii mpaka pamapeto. Anthu anatuluka osadziwa chimene aona, ndipo ambiri sakugona. Choncho anapempha kuti a Wailesi achotsedwe ntchito. Anatsindika kuti iwo eni sanachite mantha. Mlembi, pokhala mlamu wawo, akudziwa kuti getsi la kuchipinda kwawo silinazime sabata yonse, koma wauzidwa kuti asalembe.

3. Yankho la a Wailesi
A Wailesi anaimirira chipewa chili m'manja. Anati holoyi ndi malo okhawo amene iwo amalankhula anthu n'kumvetsera, poti kunyumba mwayiwo kulibe. Anapitiriza kuti: "Abwana, zaka zonsezi ndatchula zigawenga, mizukwa, zilombo za mano. Chokhala ndi dzina umachithawa kapena kuchigenda. Koma chija sichidana nafe. Sichidziwa n'komwe kuti tilipo. Ine ndikanati chiyani?" Mlembi anawamvera chisoni.

4. Chinali chiyani
Wapampando anati funsolo n'losavuta, chinali chinjoka basi. A Telala anatsutsa kuti chinali diso lopanda chikope. Mayi Namwino anati ziwalo amazidziwa ndi iwo, ndipo kuja kunali kukamwa. A Telala anawayankha mawu amene Mlembi wasankha kusawalemba. A Makanika anati pansalu panali mdima ndi kulira kwapansipansi kokha, moti iwo anagwira makina poganiza kuti afa.

5. Lamulo la gulu
Mlembi anakumbutsa komiti kuti malinga ndi lamulo limene analemba okha Wapampando, munthu sachotsedwa komiti isanaonerenso gawo limene walakwitsa, ndipo wodandaula amasonyeza mmene zikanayenera kukhalira. Wapampando anati lamulolo n'lakale. A Makanika anati makina abwera nawo, ndipo katani yatsekedwa kale.

Kanema anayatsidwa pakhoma. Kulira kuja kutayamba, a Telala anakumbukira kuti asiya simbi pamoto, koma sanadzuke pampando. Mayi Namwino anayang'anitsitsa nsapato zawo. A Wailesi anapereka maikolofoni mwaulemu ndi manja awiri nati, "Nayi, abwana. Atiuze."

Wapampando anatsegula pakamwa. Mlembi anadikira ndi cholembera kuti alembe dzinalo. Chimene chinamveka m'chimkuzamawu ndi mpweya wawo wokha, mpaka kanema anatha.

6. Chigamulo
Wapampando anati ataganizira mozama, aona kuti a Wailesi anamasulira gawolo molondola. Onse anavomera kuti apitirize ntchito. A Wailesi anapukuta m'maso ndi chipewa.

7. Zina ndi zina
Mayi Namwino anapempha kuti kanema wotsatira akhale ndi chilombo cha miyendo, chotheka kuphedwa. Pempholo linadutsa popanda wotsutsa. Wapampando anapempha a Wailesi kuti awaperekeze kunyumba, akuti akambirane za ntchito. A Wailesi anavomera, koma anachenjeza kuti njira yonseyo ilibe denga.

8. Kutseka
Msonkhano wotsatira udzakhala pa 12 Julaye, masana ndithu. Pemphero lotsekera linatalika kuposa masiku onse. Tinabalalika dzuwa likadali pamwamba, Wapampando atatsegula ambulera ngakhale kunalibe mvula, a Wailesi akuwafotokozera njira pa ngodya iliyonse.

Wasaina: Mlembi
Wasaina: Wapampando (siginecha ndi yawo ndithu, kungoti anasaina maso ali kudenga)