Injini ya Pikapu ya Malemu Bambo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Bangwe tilipo, koma mlongo wathu Esinati chifuwa chija chakula.

Lolemba la sabata yatha injini ya pikapu ya malemu bambo inafa. Amakanika akuti zipangizo zake sizipezekanso, koma tiike ya dizilo yochokera m'minibasi yomwe inachita ngozi. Ine ndinavomera, poti chitsulo sichisunga mlandu. Amayi akana. Akuti, "Injini yodya anthu asanu silowa m'galimoto ya amuna anga. Mukufuna idyenso mwana wanga?"

Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi galimoto ili chiimire. Esinati tapita naye kuchipatala kawiri pa wilibala.

Chonde alembereni amayi, inu amakumverani. Musachedwe, dzulo Esinati analephera ngakhale kukhala tsonga.

Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Fanuwelo