Bondo la Tsabola

Okondedwa achimwene,

Kaya mwadzuka bwanji kuchipatala cha mgodi ku Joniko? Kuno kwa Lundu tonse tili bwino, tikutola thonje.

Achimwene, Tsabola wathamanga! Sabata imene tinamva kuti mwavulala bondo, kagalu kanuko kanayambanso kuyenda ndi miyendo itatu. Amayi anangoti, “Basi, zafanana ndi nkhuku ya sing'anga wa mafupa. Nkhuku imene waithyola mwendo ikaponda pansi, wodwalanso amaponda. Galuyu akachira, mwana wanga wachira.” Ndinayesa kuwatsutsa, koma amayi mukuwadziwa.

Anakabereka kumsana ngati khanda mpaka kwa dokotala wa ng'ombe wa ku esiteti, ine pambuyo manyazi atandigwira. Dokotala anaseka, koma atakagwiragwira anati kafupa ka pamwamba pa bondo kakuguluka. Anakagoneka ndi jekiseni, nang'amba bondolo, nakuza kangalande kamene fupalo limakhalamo, nasoka. Amayi anangogwada, kuthokoza m'Chisena, “Takhuta, baba, takhuta!”

Kuyambira pamenepo kamagona pamphasa yawo, ngakhale mlamba wootcha kamadya ndi iko, ife ndiwo zamasamba.

Ndiye dzulo mbuzi zinalowa m'nkhokwe. Tinangoona fumbi koboo, Tsabola ali pambuyo, miyendo yonse inayi pansi! Amayi nthungululu mpaka anthu kumunda anasiya thonje.

Chonde yankhani msanga, mutiuze ngati mwayamba kuponda. Ngati simunayambe, limbikirani, chifukwa amayi azira kale nyumba yanu ndipo auza mudzi wonse kuti mukubwera opanda ndodo.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esinati