Ng'oma yanga ya mlombwa yapambana

Loweruka, mwezi wa Juni. Kwazizira koopsa lero, koma ine mtima uli mbee.

Masana tinali ndi pulakatisi ya kwaya kutchalitchi, kukonzekera ukwati umene tidzaimbe mawa. A Gomani, otitsogolera, anabwereka ng'oma zachizungu ku Boma, zonyezimira, zokhala ndi chopondera. Akuti yanga ija ndi yachikale, mawa paukwati isaoneke. Zinandiwawa, koma ndinangoti, "Tiyeni tiziimbe zonse, makutu aweruze."

Zawozo ndinazisuzumira m'kati. Ndi timatabwa topyapyala tomata ndi guluu. Ukamenya zimangoti pha, mawu n'kuthera pomwepo ngati wamenya chidebe. Yangayi malemu bambo anga anaisema pa chipika chimodzi cha mlombwa, ndi yochindikala, ilibe polumikiza. Ndinayamba ndaiwamba pamoto, poti chisanu cha kuno chimafooketsa chikopa. A Gomani ankangoseka, ati ndikuotcha chimanga.

Anayamba ndi iwo kuimba zawozo mpaka thukuta. Kenaka ine. Nditangoikhudza, mawu anatuluka okuya, mpaka malata a tchalitchi ananjenjemera. Posakhalitsa Mayi Nabanda, amene amakumba kachewere kutsidya kwa mtsinje, anatulukira khasu lili paphewa.

"Mwayamba kale ukwati osatiuza?"

Ndinawafunsa ngati anamvanso ng'oma zachizunguzo. Iwo anayang'ana uku ndi uku. "Ziti?"

Kwaya yonse inafa ndi phwete. Potuluka a Gomani anandikokera pambali.

"Achimwene, mawa mulawire nayo. Nkhuni zowambira ndibweretsa ndine."