Mwala Waphuka M'thanki ya Ababa

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Durban kumeneko pamodzi ndi alamu. Kuno ku Kaluluma tilipo, kungoti ababa akufookerafookerabe.

Mchere ndi miyala yamoyo ya m'nyanja yamchere munatumiza ija zinafika. Nsomba zathu zakale tinapatsa aphunzitsi oyandikana nafe, thanki yagalasi yomwe zinkakhalamo ija tinaitsuka n'kuthiramo madzi amchere ndi kuikamo miyalayo. Masabata anadutsa osaoneka kanthu, ine n'kumati miyalayo inafera m'njira.

Dzulo m'mawa ababa anandiitana. "Tiyamike, tabwera, mwala ukuphuka." Timaluwa tobiriwira tomera pamwalapo tinkagwedezeka pang'onopang'ono ngati fodya wa panazale kukamawomba kamphepo. Anakhala pomwepo mpaka masana, akundisimbira za zombo zomwe ankaziona ku Beira asanakwatire.

Akuti nsomba tisaikemo, mudzaike nokha iwo akuona. Chonde musachedwe, achimwene. Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Tiyamike