Galasi la Zomata Zanu

Amayi anga, kaya mukudzuka bwanji kumene muliko? Ndine Filomena. Ndikudziwa kuti mwayamba kale kunena kuti mwana ameneyu amakumbuka anthu pokhapokha zikamuthina. Mwina mukunena zoona, koma lero mundimvere kaye mpaka kumapeto. Abambo muwapatse moni.

Kuno ku Ntengo-Wambalame tilipo ndithu. Mvula inabwera bwino, kungoti inapitirira nyemba zili maluwa, ndiye za nyemba musafunse. Chimanga chokha tadzaza nkhokwe. Mbatatesi za kudimba lanu lakumunsi zabereka moti mukanaziona mukanayamba kudandaula za matumba m'malo mothokoza, monga mwa chizolowezi chanu. Mpongozi wanu Luwiza, mkazi wa achimwene a Zakeyu, wabereka mwana wamwamuna. Mphuno ndi yanu yeniyeni, ija munkati Mulungu anakupatsani yotsala pogawa. Kutchalitchi amayi a kwaya akuvutika. Woyambitsa nyimbo tsopano ndi a Nangozo, aneba athu aja, ndipo amayambira kumwamba kwenikweni, pofika pakati aliyense wayamba kutsokomola. Ine ndimangoyang'ana pabenchi yanu, kuseka kumandithera pakhosi.

Koma chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe ndi karinya yathu, galimoto ija tinagula ndi thukuta la mbatatesi.

Mukukumbuka mmene tinkachitira. Chaka chilichonse ndikalipira manifesito, msonkho wa galimoto uja, ndinkabwera ndi kachomata kake kunyumba, ndipo womata munali inu. Munkasamba kaye m'manja, kupukuta galasi lakutsogolo ndi nsonga ya chitenje, kupemphera pang'ono, kenako n'kukadinda ndi chala chachikulu mbali yakumanzere, kumene munkakhala. Palibe chaka chimene munamata chowongoka. Ndikafuna kupala chakale munkandimenya dzanja. Munkati, “Pothawa nkhondo ndinasiya nyumba ndi mbuzi. Pobwerako ku Malawi ndinasiyanso. Changa chimene chili pano palibe achipale.” Ndiye zomatazo zinangokwerana chaka ndi chaka mpaka kufika pakati pa galasi. Kuwerenga simunkadziwa, koma zaka munkaziwerengera pamenepo. Chobiriwira, chaka chimene a Zakeyu anakwatira. Chachikasu, chaka cha matalala aja anagwetsa chimanga chonse. Chofiira, chaka chimene abambo anatisiya. Chomaliza ndi chabuluu chija munamata chozondoka, maso atayamba kale kuchita mdima, ine nditakugwirani pamkono. Ndinaona kuti chazondoka koma sindinakuuzeni.

Chaka chino msonkho ndinalipira nthawi yake, musandikalipire. Kachomata ndinabwera nako mpaka pakhomo. Ndinaima patsogolo pa galimoto, ndinapukuta galasi, kenako manja anangokana. Kumata ndekha kunali ngati ndikukuchotsani ntchito. Ndinakaika m'thumba la jekete n'kunena kuti mawa. Mawa lakelo linatha miyezi.

Tsiku lina ndikupita ku Furancungo, nditasenza mbatatesi za a Zakeyu ndi za a Nangozo, anandiimitsa wapolisi wa pamsewu, awa timawatcha atranzito. Anali mnyamata wamkulu ndithu, malaya oyera ngati sadutsa fumbi. Anazungulira galimoto, anaima pa zomata zanu, n'kupendeketsa mutu kuti awerenge chozondoka chija.

“Bon diya, mama. Selu ya chaka chino ili kuti?”

Ndinatulutsa kachomata kaja m'thumba, ndikudzimva kuti ndamugwira pakamwa.

“Ya m'thumba ndi yanu nokha,” anatero. “Boma limawerenga ya pagalasi. Ndipo zonsezi muchotse, zikukutsekani maso. Lero ndikulemba multa, mulipira chindapusa. Ndikakupezaninso chonchi, galimoto ikagona ku komando ya apolisi.”

Pakamwa panga mumapadziwa, amayi, munapabereka ndinu. Ndinamufunsa ngati boma lilibe ntchito ina kuposa kuwerenga magalasi a anthu. Ndinamufunsa ngati iye ali ndi amayi ake. Anangoti ali nawo, n'kupitiriza kulemba. Kunena chilungamo sanali munthu woipa, ngakhale ya madzi sanandipemphe. N'chimene chinandipsetsa mtima kwambiri, chifukwa ndinasowa pomudera.

Multa ndinalipira, koma galasi sindinalikhudze. A Zakeyu atamva anandikhazika pansi. Anati galimoto ikagwidwa nyengo ino yokumba, mbatatesi zathu ndi za mudzi wonse ziwolera m'munda, ndipo iwo ali ndi khanda m'nyumba. Kenako ananena mawu amene anandilasa. Anati, “Mlongo, amayi sali pagalasi. Ali kumanda kuja, tinawaika tonse.” M'mawa mwake ndinawapeza ali ndi lezala, atatukula kale kangodya ka chobiriwira, cha ukwati wawo womwe. Zimene ndinawanena sindingazilembe pano, mungandithamangitse ndi chikuni. Tinatha masiku osapatsana moni, pakhomo pamodzi, Luwiza akungoyendayenda pakati pathu ndi mwana kumbuyo.

Ndiye ndinayamba nzeru za ukamberembere. Ndinasiya msewu waukulu, n'kumadutsa tinjira ta m'madambo kuti ndizembe atranzito. Inu munkakonda kunena ndikathamanga kuti galimoto si mbuzi, siidziwa njira yakwawo. Ndinazikumbuka matayala atamira m'matope mpaka theka, kutali ndi mudzi uliwonse. Tinatsitsa matumba onse, anthu odutsa anatithandiza kukankha, ndipo pofika kumsika ogula a magalimoto akuluakulu anali atapita. Mbatatesi zinabwerera kumudzi zitanyowa. Patapita masiku a Nangozo anandiitana kunyumba kwawo. Sanakalipe. Anangokhuthula thumba limodzi pansi kuti ndione ndekha, fungo lake linandiyankha. Anati, “Mwanawe, amako tinkawakonda tonse. Koma izi ndi za shikola, zophunzirira zidzukulu zanga.” Ndinachita manyazi, amayi, manyazi enieni, ndipo ndinadziwa kuti inu mukanakhalapo mukanakhala mbali ya a Nangozo.

Kupala sindikanatha, kupitiriza chonchi sindikanathanso. Ndinaganiza zopita kwa a Bernardo, makaniko achikulire aja a ku Furancungo amene ankakusekani kuti ndinu shefi, bwana wa galimoto. Ndinauza Luwiza yekha. Koma m'mawa polilizitsa galimoto ndinaona a Zakeyu akwera kale kumbuyo, atanyamula bulangete lanu lija lamizeremizere. Sanandilankhule, inenso sindinawalankhule.

A Bernardo ndinawauza kuti achotse galasi lonse lathunthu, aikepo lina. Analiyang'ana nthawi yaitali, n'kuloza mng'alu uja unayamba ndi mwala wa pamsewu wa ku Tsangano. Anati, “Ili lakalamba, mama. Ndikalikankha likhoza kutheratu m'manja mwanga, zomata zanu n'kung'ambikira limodzi. Mukuvomera?” Ndinavomera ndi mutu.

Anayamba kusolola mphira wa m'mbali pang'onopang'ono. Ine ndinagwira mbali ya woyendetsa, a Zakeyu anagwira mbali yanu. Pakati pa ntchito galasi linalira kuti tse! Mng'alu unayamba kuyenda, ndikuuona ndi maso angawa, kulunjika kumanzere. Ndinatsinzina. Ndinamva a Zakeyu akunong'ona, “Amayi, amayi, amayi,” munthu yemwe uja ankati simuli pagalasi. Potsegula maso mng'alu unali utaima, kutatsala malo a chala chimodzi kuti ufike pa chabuluu. Tinalitsitsa pansi, tinalikulunga m'bulangete. A Zakeyu anapita kuseri kwa garaja akuti kukasamba m'manja, anachedwako ndithu.

Galasi limene anaikapo ndi logwirako ntchito, koma loyera mbee. Kachomata ka chaka chino ndinamata ndekha pomwepo, a Bernardo akundilozera malo ake. Kawongoka bwinobwino ngati kamatidwa ndi wa mu ofesi, ndipo kakundinyansa. Pobwerera tinamupeza wapolisi uja pamalo ake. Anayang'ana, anagwedeza mutu, anati tsopano zili bwino. Atasuzumira kumbuyo anaona a Zakeyu atakhala pansi, atakumbatira bulangete, fumbi mpaka m'nsidze. Sanafunse. Anangotikwezera dzanja kuti tipite. Njira yonse ndinayendetsa mwaulemu, kuzemba kadzenje kalikonse, mukanandiyamikira kwa nthawi yoyamba.

Galasi lanu lili m'chipinda chanu, talitsamiritsa kukhoma, zomata zikuyang'ana kukhomo. A Zakeyu ndi amene anakhomera matabwa kuti lisagwe. Moni tayambanso kupatsana. Mbatatesi zikupita kumsika kudzera msewu waukulu, ndipo za a Nangozo ndikuwanyamulira kutsogolo kwa zathu mpaka nyengo ithe.

Koma pali chimodzi chimene palibe anandichenjeza. Wapolisi uja ankanena zoona, zomata zinkanditseka maso. Tsopano mbali yakumanzere ndikuona zonse: mapiri, amayi osenza nkhuni, timisika ta tomato timene ndakhala ndikudutsa zaka zonsezi osationa. Ndipo ndikuona mpando wanu. Kale dzuwa la m'mawa likamenya galasi, zomata zija zinkagwetsa kamthunzi pamaondo panu, ndipo ngakhale mutapita kamthunziko kankagwabe pampando, ine n'kumaona ngati pali munthu. Tsopano dzuwa limalowa lonse, limawala pampando wopanda kanthu kuchokera pakhomo mpaka kumsika. Ndakusowani, amayi. Pamaliro sindinalire mokwanira, ndinali wotanganidwa ndi kunyamula anthu ndi nkhuni. Ndikulira tsopano, ndili pa chiwongolero, ndipo apolisi akandiimitsa amaganiza kuti ndi fumbi.

Chipitire inu, pampandopo sipanakhale munthu. Onse amakwera kumbuyo ndi matumba, ngakhale Luwiza popita kusikelo ndi mwana, ndipo palibe anadandaulapo. Ndikudziwa kuti mukanandikalipira, kuti mpando si wosungira mphepo. Ndikukulonjezani kuti ndiyamba kutsegula chitseko chimenecho, ndipo woyamba akhala Luwiza. Mungondipatsa kaye nyengo yokumba ino ithe.

Ndine mwana wanu wa pakamwa uja, wokukondani mpaka lero,

Filomena