Kanthambi pa Chipewa cha Lorcan

Donore, kufupi ndi Drogheda
20 Ogasiti 1690

Okondedwa achimwene Turlough,

Ndikhulupirira muli bwino ku Nantes kumeneko, pamodzi ndi alamu ndi ana. Chifuwa chija chinakusiyani? Kuno tilipo, kungoti Mayi miyendo ikuwavutabe.

Kalata yanu inafika. Mwalumbira kuti mukwera chombo kudzabwezera imfa ya mng'ono wanu Lorcan. Khalani pansi kaye, mumve zonse.

Za pamtsinje wa Boyne munamva. Mfumu yakale ndi mkamwini wake kulimbirana mpando, ofa n'kukhala ana a eni. Popeza malaya a asilikali ankafanana, athu a mfumu yakale anasomeka kapepala koyera pachipewa, a tsidya lija kanthambi kobiriwira. Lorcan ndi mwamuna wanga Manus ananyamuka limodzi m'mawa, aliyense ndi kapepala kake.

Pofika masana athu anabalalika, n'kuthawira kumlatho wa Duleek. Gulu la Manus analiimika pamlathopo, n'kulilamula kuti liombere aliyense wa kanthambi.

Lorcan tinamupeza tsiku lachitatu m'munda wa tirigu, pafupi ndi mlatho womwewo, chipolopolo chitalowera pachifuwa. Pachipewa pake panali kanthambi.

Mudzi wonse ukunong'ona. Gobnait, mkazi wa wosula zitsulo uja, wa pakamwa posatseka, anandifunsa kuchitsime ngati kwathu tonse timatembenukira kwa adani msanga chonchi, kapena anali Lorcan yekha. Ndinangotsala pang'ono kumukhuthulira ndowa kumutu.

Koma wondisowetsa mtendere ndi Manus. Anabwera wopanda bala, mfuti ataiponya mumtsinje, akuti inkamulemera. Munthu wonyamula mwana wa ng'ombe paphewa uja! Pofunafuna mtembo tonse tinkalowera kumtsinje, iye anati tiyambe kumunda wa tirigu. Nditamufunsa kuti wadziwa bwanji, anati waona akhwangwala. Ine sindinaone khwangwala ndi mmodzi yemwe. Pamaliro sananyamule nawo, akuti msana. Mayi akangotchula Lorcan, amatuluka kukaona ng'ombe yomwe wangoiona kumene.

Dzulo ndinamupanikiza kuti andiuze anaombera angati pamlatho paja. Anati ndimusiye, muutsi umo munthu suona nkhope, umangoona chipewa. Kenako anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa kuti nanga chitsamba cha pakhomo pathu anachithyola ndani, poti mbuzi tilibe. Tikudyera mbale imodzi, koma aliyense akuyang'ana manja a mnzake.

Achimwene, ndinathyola ndine.

Za tinthambito ndinamva kwa mayi wina wochapa zovala tsidya lija. M'mawa uja ndinalowetsa kanthambi m'malaya a Lorcan pamodzi ndi mkate. Ndinamuuza kuti zikavuta ataye pepala, asomeke kameneko, chifukwa akafa mfumuyo siidzabwera kudzalira maliro. Anaseka, akuti iwe Onora akanakupatsa gulu la asilikali, nkhondo ikanatha isanayambe. Manus sindinamupatse, mukudziwa kuuma mutu kwake.

Mmene ndikuonera, Lorcan anasomeka kanthambiko kuti adutse pakati pa adani, ndipo anadutsadi. Koma poona anzake pamlatho anangothamanga ndi chimwemwe, osakumbukira kuchotsa. Zimenezo sindinaziganize. Ndinkadziona ngati wochenjera kuposa mafumu onse awiri.

Ngati amene anamuombera ndi Manus sindikudziwa, ndipo ndikuopa kudziwa. Akanyamula mwana wathu ndimayang'ana chala chake choombera mfuti chija, mtima n'kumawawa. Komabe iye anauzidwa kuombera kanthambi, ndipo anaika kanthambiko ndine.

Ndikukupemphani, musakwere chombocho. Mukakwerabe, mudzafikire kwa ine, mlamu wanu musamukhudze. Mayi sakudziwa kanthu. Tsiku lililonse amagwada n'kupempha Mulungu kuti alange amene anachititsa manyazi mwana wawo, ndipo ine, nditagwada pambali pawo, ndimayankha kuti Amen.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Ambuye akusungeni kutali komweko.

Ndine mlongo wanu,
Onora