Masamba pa Galimoto ya Malume

Loweruka, 3 Juni 1995

Lero ndagona ngati mtembo kumbuyo kwa matola a malume Fakiri.

M'mawa ulendo wa ku boma kukaona ababa kuchipatala. Sabata yachitatu ali komweko. Chifuwa. Ya basi palibe, ndiye amayi anati ndikwere ya malume, mlongo wawo sangandilipiritse. Zoona, ndalama sananditengere.

Popita, za masiku onse. Tisanafike pa rodibuloko ya kufupi ndi mlatho wa Bua, anthu asanu ndi atatu kutsika, kudutsa wapansi ngati sitidziwana, kukakwereranso kutsogolo pamtengo wa mango. Apolisi akuona zonse. Malume kupereka laisensi, m'kati muli K10. Sajeni Sailesi kuibweza itapepuka.

Pobwerera ndiye. Simenti, malata, shuga, anthu pamwamba pake. Matayala osalala ngati mimba ya mlamba. Malume anaima patchire, kuthyola nthambi ziwiri zamasamba, kuzizika kutsogolo kwa galimoto monga amachitira onyamula maliro. Kwa ine: "Iwe ndiwe wamtali, wowondanso. Gona apa." Mkeka pansi, chitenje mpaka kumutu. Amayi awiri ogulitsa nsomba anauzidwa kuti akalira salipira.

Analira. Mmodzi mpaka kuitana dzina la mwamuna wake amene ali moyo.

Pansi pa chitenje fungo la usipa ndi dizilo. Galimoto inachepetsa liwiro, chitsulo cha pa rodibuloko chinakwezedwa, funso panalibe. Pakabowo ka chitenje ndinaona wapolisi wamng'ono wa pamenepo, Layson, atavula chipewa, atachigwira pachifuwa. Anavulira ine.

Titadutsa, kuseka galimoto yonse. Malume: "Mphwanga, wafa bwino."

Kuchipatala kuja ababa adya theka la nthochi. Anandigwira dzanja. "Kalilu, zikachitika musandigoneke kuno. Tsiku lomwelo, kwathu, dzuwa lisanalowe." Ndinati achira. Anati ndiyankhe zimene andiuza. Ndinavomera.

Lachiwiri, 6 Juni

Mwera. Kuzizira. Juzi yang'ambika pachigongono.

Pa rodibuloko ndimadutsapo kawiri pa tsiku, popita kusukulu ndi pobwera. Migolo iwiri, chitsulo, kanyumba ka malata. Lero ndinakhala pakhalavati ndi buku la Jogirafe, ngati ndikuwerenga.

Dalaivala wa lole ya shuga, chigongono pawindo, osatsika. "Bwana, nthawi ya mantha inapita. Ino ndi demokalase, simungandiopseze." Anakuwa mpaka ogulitsa chinangwa kutembenuka. Kenako K20 m'dzanja la sajeni, onse awiri kuseka. Mabuleki a lole yomweyo akulira ngati mbuzi.

Galimoto yoyera ya munthu wa tayi. Chitsulo chinakwera isanafike n'komwe. Saluti.

Mkulu wina wa panjinga, thumba la mpunga kumbuyo. Alibe belu. Apolisi anamuphwetsera matayala onse awiri, kumutapira mpunga m'beseni. Iyeyo za demokalase sananene. Anati zikomo, n'kuyamba kukankha.

Sindidziwa onyansa kwambiri ndi ati, opereka kapena olandira. Onse amatchulana achimwene.

Layson anandiona. "Mwaswera bwanji a Fomu Thuu?" Ndinayankha ndikuyang'ana m'buku.

Loweruka, 10 Juni

Ndafanso.

Nditangotuluka m'chipatala, manja akununkhabe mankhwala aja, kukagona pamkeka. Ababa pabedi nambala seveni atagona chagada. Ine pamatumba a simenti, chagada.

Pachitsulo chifuwa chinandigwira. Ndinaluma chitenje.

Malume akudzitama kwa anzawo pasiteji. Filipo wa matola ofiira watengera kale. Iye amagoneka thumba la mpunga, kuliveka nsapato.

Ndawauza amayi madzulo ano za kugona ngati mtemboku. Anapitiriza kusankha mpunga. Kenako: "Malume ako ndi amene akutigwira dzanja. Usayambitse."

Ababa mawu atha. Amangonong'ona. Wotchi yawo ikutsetsereka mpaka pachigongono.

Lachitatu, 14 Juni

Ndanena.

Sindinakonzekere. Layson anali yekha, akudya chinangwa chootcha kuseri kwa mgolo, sajeni ali m'kanyumba mtulo. Ndinaima. Ndinati maliro a Loweruka aja si maliro. Nthambi amathyola pakona ya munda wa chinangwa. Olira amakhululukidwa ya ulendo.

Anafunsa ndadziwa bwanji. Ndinati amene amagona paja ndine.

Analeka kutafuna. "Mayi anga anamwalira mu Febuluwale," anatero. "Ndikaona masamba ndimaona galimoto imene inawanyamula." Chinangwa chotsala anataya. Anati akawauza abwana, koma dzina langa satchula.

Ndinayenda wopepuka mpaka kunyumba. Ndinaswali bwino koyamba sabata ino.

Masamu 38 pa 100.

Lachisanu, 16 Juni

Chitsiru ine.

Sajeni sanakwiye. Akuti anaseka mpaka kukhala pansi. Tsopano paikidwa mtengo. Ya masamba K30. Galimoto ikabwera ndi nthambi, chitsulo sichikwera, dzanja ndiye limatambasuka. Madalaivala akuti n'zotchipabe poyerekeza ndi kulipira matayala, inshuwalansi ndi anthu owonjezera chilichonse pachokha.

Lero ndawerenga maliro anayi. Pa ena mtembo unadzuka kugula nzimbe galimoto isanabisike n'komwe.

Malume anabwera kunyumba akutukwana. "Pali galu amene watigulitsa. Ndikamudziwa ndimuponda ndi tayala." Ankandiuza ine, ngati mnzake. Ndinawathirira tiyi.

Layson sandipatsanso moni. Ndi iye amene amatumidwa kukalandira.

Lamlungu, 18 Juni

Amayi agona kuchipatala. Ndili ndi Tatu, mlongo wanga. Akufunsa ngati ababa abwera ndi masiwiti.

Nyali mafuta atha. Ndalemba izi pakhonde kukadali kowala.

Lachinayi, 22 Juni

Ababa anamwalira Lachiwiri, naini koloko m'mawa.

Ndilembe mwandondomeko. Mutu sukugwira.

Uthenga unandipeza m'kalasi. Kumudzi anayamba kukumba nthawi yomweyo. Ine ku boma ndi malume, galimoto yopanda katundu koyamba chiyambire kuidziwa. Kalata ya kuchipatala tinalandira cha m'ma thwelofu. Ababa pamatiresi, atakulungidwa nsalu, amayi kumutu, ine kumiyendo, azakhali awiri. Kusambitsa, kuveka sanda, swala yopempherera maliro, zonse zikudikira kwathu. Malume anathyola nthambi pachipata cha chipatala.

Pa rodibuloko wani koloko itapitirira. Chitsulo pansi.

Sajeni anabwera pang'onopang'ono akutokosa m'mano. "A Fakiri, lero mwapha ndani?" Kenako anandiona ine nditakhala tsonga. "Mtembo wanu uja si uyu wadzukayu? Nanga mwagoneka ndani?"

Layson ananena dzina langa, ndiye kuti. Kapena sajeni anangolota. Zilibe kanthu.

Malume anatsika. Anati awa ndi alamu awo, lero ndi enieni. Sajeni anati enieni kapena abodza, K30. Malume: "Ngakhale tambala. Masiku onse ndimakudyetsani. Lero ayi."

Ndinapereka kalata. Sajeni anaigwira ndi zala ziwiri. "Makalata amalembedwa, mwana iwe." Anati ngati ndi zoona tivundukule aone nkhope. Pamsewu. Pamaso pa ogulitsa nzimbe. Amayi anagona pamwamba pa ababa, osalira, kungowaphimba ndi thupi lawo.

Azakhali anamasula mfundo za zitenje. Ndalama zinakwana. Malume anawatsekereza ndi dzanja. Akuti akalipira lero ndiye kuti wavomera kuti ndi wabodza. Akuti ali ndi ufulu. Anayamba kunena za boma latsopano, za mavoti, kuti akafika nazo ku Lilongwe. Sajeni anazula makiyi, kuyamba kuzungulira galimoto. Tayala ili. Galasi ili. Inshuwalansi inatha liti. Tsopano si K30 ayi, galimoto yagwidwa.

Amuna awiri akuluakulu, aliyense kufuna mnzake agwade. Ababa padzuwa. Ntchentche zinayamba. Ndinkaziingitsa ndi kalata ija.

Thuu koloko. Hafu pasiti thuu. Magalimoto ena akudutsa, laisensi kupita, laisensi kubwera. Ndinapempha madalaivala atatu atinyamule. Wina anati ali ndi nsomba, ziwonongeka. Wina anati mtembo umafuna mtengo wake. Filipo anaseka, akuganiza kuti ndi sewero lathu lija. Atazindikira anayang'ana kumbali, n'kuponda mafuta.

Layson anaima kuseri kwa mgolo. Ndinapita. Ndinati achimwene, mukudziwa kuti ndi zoona. Anati, "Ine ndine wamng'ono pano." Maso ali pansapato.

Ndili pomwepo mayi wina anadutsa ndi mtolo wa nkhuni pamutu, pambali pa mgolo. Palibe anamuyang'ana. Wapansi saimitsidwa.

Ndinathamanga. Makilomita atatu. Nsapato ndinazisiya panjira. Kumzikiti amuna anali atakhala panja, akuyang'ana kumsewu. Ndinangoti jeneza, chonyamulira maliro chija. Shehe sanafunse zambiri.

Tinabwera anthu khumi ndi awiri. Tinawatsitsa ababa pagalimoto, kuwaika m'jeneza, kukweza pamapewa. Tinadutsa pambali pa mgolo, panjira ya anthu owonjezera. Sajeni anati, "Imani kaye." Shehe sanatembenuke. Sajeni sanatitsatire.

Panjira anthu ankangobwera. Phewa ili likachoka lina lalowa. Anyamata a nzimbe, mkulu wa njinga uja, ngakhale a mpingo amene sadziwa mawu athu. Ine sindinachoke kutsogolo kumanja. Anandiuza kangapo ndipumule.

Kusambitsa mofulumira. Shehe akuyang'ana dzuwa. Dothi lomaliza linagwa dzuwa litakhudza mapiri, lisanamire. Lisanamire. Ndinaliyang'anitsitsa kuti ndisadzadzinamize.

Malume kumanda sanafike. Anatsala ndi galimoto.

Phewa latupa. Sindingathe kukweza mkono.

Lolemba, 26 Juni

Kusukulu. Aphunzitsi anandigwira dzanja. Mayeso akubwera, ndalama yake sinaperekedwe.

Nkhani yafika mpaka ku Dwangwa. Akuti pa Bua apolisi anayendetsa mtembo wapansi. Kunabwera galimoto ya akuluakulu awo Lachisanu, inakhala mphindi khumi. Sajeni akadalipo. Koma tsopano masamba akangooneka patali, chitsulo m'mwamba.

Pobwera ndawapeza. Malume ndi sajeni pabenchi imodzi, chimanga chootcha chimodzi atathyolerana. Galimoto ili pambali, makiyi ali pomwepo. Malume anandikodola. "Bwera upereke moni kwa abwana, zija zinatha." Sajeni: "Pepa mwana, ntchito yathu ndi yovuta."

Ndinapitirira. Ndinalavula nditafika pamtengo wa mango. Malovu okha, palibe china ndikanachita.

Za amene anaulula, malume sanafunsenso. Mwina akudziwa. Mwina kwa iwo si nkhani.

Lachisanu, 30 Juni

Malume abwera ndi thumba la ufa, shuga mapaketi awiri, sopo, masiwiti a Tatu. Ya mayeso akuti akapereka Lolemba. Amayi anagwada polandira. Tatu kuvina.

Pochoka anandiitanira kugalimoto. Dzanja paphewa lotupa lomwelo.

"Mphwanga, achita manyazi. Masamba sakuwagwiranso, ngakhale tambala. Mwezi uno ndi wathu. Mawa kuli simenti matumba makumi awiri, ndipo iwe ndiwe wodziwa kugona."

Ndinati ababa sanathe masabata awiri m'manda.

"Ndiye nanga adya chiyani awa?" Akuloza nyumba.

Amayi anamva. Anali pakhomo. Analowa ndi shuga uja.

Loweruka, 1 Julayi

Sindinadye.

Sikisi koloko. Mwera wayambanso. Tatu akadali mtulo, siwiti ili m'dzanja.

Hutala ya malume kumsewu. Kachiwiri.

Amayi aima pakhomo la chipinda changa. Sakunena kuti pita. Sakunena kuti usapite. Akuyang'ana khoma.

Kachitatu. Nsapato imodzi ndavala